Chuku cha pa Nkhono ndi Mlendo wa a Doctora Herlinda

Amene agona patsogolo pathuwa, malemu a Doctora Herlinda Cahuich Rejón, anabadwa pa 3 Febuluwale 1959 ku Sabancuy, m'banja la a Anastasio Cahuich, amene anali msodzi wa kamaroni, tinkhanu tating'ono ta m'nyanja timene timadyedwa, ndi mayi Petrona Rejón. Anali achiwiri mwa ana atatu. Oyamba ndi azakhali a Socorro, amene akhala pamzere wakutsogolowu, ndipo omaliza ndi bambo anga, a Efraín. Ine ndine Nicté, ndipo malemu anali azakhali anga.

Bambo Mfumu, abale, anansi ndi anzawo a malemu a kuntchito, mundikhululukire ngati ndikumveka ngati munthu amene wabwera ndi nkhani yabwino. Ndalira kale, ndipo ndidzaliranso. Koma banja landipatsa ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo ikundidumphitsa mtima. Yoyamba ndi kuwerenga mbiri. Yachiwiri ndi iyi. Mbiri yotere imatha ndi magulu awiri a mayina, la amene malemu awasiya ndi la amene tikuwathokoza, ndipo pali dzina limodzi limene lativuta poliika. Ndi la a Don Fausto Ehuán, amene akhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, chipewa chili pa bondo. Akhala m'nyumba ya malemu kuyambira mu 1995. Sanakwatirane nawo, si m'bale wathu, si wantchito. Malemu eni ake, nthawi zonse akamawasonyeza kwa anthu, ankangoti, "Awa ndi huésped wanga," mlendo wanga.

Dzulo azakhali a Socorro anandiitana n'kundiuza kuti, "Iwe wamasamu, si umakonda zinthu zozunguza mutu? Nachi china. Ukanditsimikizira kuti bambo uja ndi wathu, umutchule pamodzi ndi ife. Ukalephera, umuike kwa othokozedwa, pakati pa amene atibwereka mipando ndi amene aphika khofi." A Don Fausto nawonso anena kale kuti tikangochoka kumanda akwera basi ya ku Palizada, kwa mwana wa mlongo wawo, chifukwa amene anawalandira wapita. Yankho ine ndili nalo, ndipo iwo sakulidziwa. Koma malemu ankadana ndi wophunzira wolumphira ku yankho asanaonetse njira, choncho mundipirire. Tiyenda mwadongosolo.

Malemu anayamba sukulu ku Sabancuy komweko mu 1965. Monga ana onse a kugombe, ankabwera kunyumba mapazi ali bii ndi phula la pamchenga. Ana ena ankangopukutidwa ndi palafini n'kupita kukasewera. Iwo ankafuna kudziwa kumene phulalo likuchokera, popeza pa nthawiyo m'nyanja yathu munalibe nsanja yokumbira mafuta ngakhale imodzi. Bambo awo, atatopa ndi mafunso, anawauza kuti nyanja imatuluka thukuta. Patapita zaka zambiri, malemu atakaziona okha ndi maso, ananena kuti bambo awo sananame kwenikweni.

Sekondale anaphunzira kuno ku Carmen, ndipo mu 1977 anapita ku likulu la dziko kukaphunzira za zamoyo pa yunivesite. Mayi Petrona anamva kuti mwana wawo adzakhala dokotala, ndipo sanafunsenso kuti wa chiyani. Mpaka imfa yawo ankatumiza anthu a nyamakazi kwa mwana wawoyo, ndipo malemu ankawalandira, kuwapatsa khofi, n'kuwalozera njira ya kuchipatala.

Mu Meyi 1982 anakwatiwa ndi a Wilberth Zetina, owotcherera zitsulo pa nsanja za mafuta, ndipo mu 1984 anabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, Gaspar. Pakati pa zaka ziwirizo anayamba ntchito pamalo ofufuzira za m'nyanja a kuno. Ntchito yawo yoyamba inali matenda a kamaroni. Asodzi akale muli muno mukukumbukira kamaroni wodetsedwa m'mbali mwa mutu, pamene pali tinthenga tija timene amapumira. Malemu ankatsegula tinthengato tsiku ndi tsiku n'kupezamo chuku, m'bale wa chija chimene chimamera pa buledi wogona ndi pa nsapato zathu nthawi ya mvula. Apo ndi pamene anakondera zinthu ziwiri zimene palibe mtsikana wa ku Sabancuy analotapo kuzikonda: chuku, ndi ziwalo zopumira za nyama za m'madzi.

Mu Ogasiti 1993 a Wilberth anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima ali ku ntchito. Pano ndilankhula mosabisa, chifukwa malemu sankabisa. A Doctora anasweka mtima kotheratu. Ku ntchito anasiya kupita, mawindo anatseka, Gaspar anapita kukakhala kwa azakhali a Socorro. Bambo anga amati akapita kukawaona ankawapeza atakhala m'khitchini, mbale ili patsogolo, chakudya chitachita chuku, ndipo iwo osachiyang'ana n'komwe. Amene ankawadziwa akumvetsa kuti chizindikiro choopsa chinali chimenecho.

Mu Okutobala 1995 kunabwera mphepo yamkuntho ya Roxana. Nyumba ya a Don Fausto ku Isla Aguada inapita ndi madzi, pamodzi ndi marimba imene ankaimba pa maukwati. Iwo anali mnzawo wa bambo anga pa masewera a domino, ndipo bambo anga, poona kuti kwathu kwadzaza, anawatengera kwa mlongo wawo kumene kunali zipinda zopanda anthu. Anafika ndi hamaka yawo, ukonde wogonamo wolendewera, pa phewa, anaikoleka pa zitsulo za pakhoma la pabalaza, n'kunena kuti akhala mpaka madzi ataphwa. Madzi anaphwa. Kumayambiriro kwa 1996 Gaspar anabwerera kunyumba, malemu anabwerera ku ntchito, ndipo banja lonse linathokoza Namwali Woyera wa Carmen. Hamaka ija palibe anaitchula popemphera, koma inali ikadali pakhoma.

Mu 2001 malemu anamaliza maphunziro apamwamba n'kukhala Doctora weniweni. Mu 2003 anzawo a kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi anawaitana pa sitima ya kafukufuku, yopita kumalo kumene pansi pa nyanja pamatuluka mafuta ndi gasi paokha, popanda munthu kubowola. Kumeneko dzuwa silifika. Madzi ndi ozizira ngati a mufiriji, ndipo muli poizoni wokwanira kupha nsomba iliyonse ya m'lagoni mwathu muno, m'madzi osaya a kugombewa. Komabe kuli zamoyo, zodzaza ngati msika wa Loweruka, ndipo pakati pa zonsezo pamayenda tinkhono tating'ono, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Akatswiri ena anali atalemba kale kuti pa kanthenga kopumira ka tinkhonoti pamapezeka chuku, koma ndi ochepa amene anazisamala. Malemu anabwera nato tingapo m'botolo, anatsegula kamodzi mu labu yawo, anaika kanthengako pa maikulosikopu, ndipo amene anali m'chipinda choyandikana amati anamva kukuwa ngati kwa munthu amene timu yake yagoletsa. Timaulusi toyera, tolukanalukana pakati pa mnofu wa kanthengako! Chuku, pamalo opanda dzuwa, opanda buledi, opanda nsapato! Tsiku limenelo anaimbira foni aliyense amene anali ndi foni. Azakhali a Socorro anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye nkhonozo zimadyedwa?"

Chisangalalocho sichinakhalitse. Atakafotokoza pa msonkhano wa akatswiri, mkulu wina anaimirira n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Doctora, inu mumachokera ku Carmen. Kwanuko chuku chimamera ngakhale pa lamba amene munthu wavala. Tidziwa bwanji kuti ichi chachokera pansi pa nyanja, osati pakhoma la labu yanu?" Holo yonse inaseka. Malemu anasekanso, chifukwa funsolo linali labwino, ndipo sankakwiyira funso labwino. Njira yoliyankhira inali imodzi: nkhonoyo itsekeredwe m'bokosi la mankhwala oumitsa ili pansi pomwepo, isanakhudze mpweya wathu, ndipo wina akhalepo woona kuti zachitika bwino.

Choncho mu Juni 2006, ali ndi zaka 47, mayi amene ankakana kukwera ngakhale chikepe cha m'nyumba zosanja analowa m'kasitima koyenda pansi pa madzi, kopanikiza kuposa chimbudzi cha m'basi, n'kutsika. Nkhani imeneyi tonse tinaimva mobwerezabwereza, ndipo sinakalambe. Ankati poyamba madzi ndi obiriwira, kenako abuluu, kenako buluu wina amene alibe dzina, kenako palibe. Ndiyeno woyendetsa amayatsa nyale. Anaona mafuta akukwera m'madontho akuda, pang'onopang'ono, ngati mvula imene yasokoneza njira. Anaona gasi akutumphuka m'matope. Anaona dziwe pansi pa nyanja, dziwe lenileni la madzi amchere kwambiri moti sasakanikirana ndi ena, lokhala ndi gombe lake ndi timafunde take. Ndipo m'mbali mwake, pa zigoba za nyama zina, tinkhono tawo tija tikuyenda mosafulumira ngati eni dera. Woyendetsayo anadzanena kuti sanayendepo ndi munthu wolankhula chotero, ndipo anachita kuwapempha kuti achepetse, chifukwa mpweya wa m'kasitimamo unali wa anthu onse.

Bokosi linatsekedwa pansi pomwepo. Atalitsegula, timaulusi tija tinalipo, pa nkhono zimene sizinanunkhizepo mpweya wa ku Carmen. Mkulu uja anawalembera mawu owayamikira, ndipo anakhala mabwenzi. Ali muno lero, ndipo tikuwalandira.

Kuyambira pamenepo moyo wawo wonse wa ntchito unapita pa funso limodzi. Chukucho chilipo, inde, koma chikuchitapo chiyani? Mwina ndi wakuba amene akudya nkhono ili moyo. Mwina chimangokhalapo, osapereka, osalanda. Kapena mwina chimathandiza nkhonoyo kupirira poizoni wa kumeneko. Anayeza nkhono zokhala nacho ndi zopanda, ndipo ine nditayamba maphunziro a masamu ankandiitana kuti ndiwathandize kuyerekeza. Manambala ankangogwedeza mapewa. Anayesanso kuchichotsa pa nkhono kuti chimere chokha m'timbale tagalasi. Anachipatsa shuga, anachipatsa mchere, anachipatsa mafuta, anachiika pozizira ndi pamdima. M'manja mwawo sichinamerepo. Zina zonse zinkamera, chifukwa kuno ndi ku Carmen, koma icho ayi. Ankabwera kunyumba akusangalala ngati apambana. "Chakananso!" ankatero. "Ukachichotsa pa nkhono yake sichifuna moyo. Kodi si zokongola zimenezo?"

Tsopano ndifike pa Lamlungu. Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa, banja lonse linkakadya kwa malemu. Ndipo Lamlungu lililonse tinkapeza a Don Fausto atagona mu hamaka, phazi limodzi likukankha khoma, wailesi ili pa mimba. Malemu akayamba za mafunso awo atatu aja, wakuba, wongokhala, kapena wothandiza, maso onse ankatembenukira ku hamakako. Unakhala mwambo wa pabanja. Bambo anga ankati mnzawoyo ndi wongokhala, salakwira munthu. Gaspar ankati mwina amathandiza m'njira imene sayansi sinaitulukire. Azakhali a Socorro sankafuna maikulosikopu. "Herlinda," ankatero, "ukuvutikiranji kupita pansi pa nyanja? Nkhupakupa ili pabalaza pako." Ndipo mawu ankachokera mu hamaka muja, maso ali chitsinzinire: "Doña Socorro, nkhupakupa imasankha ng'ombe yonenepa. Ndikanakhala yotero, ndikanabwera kwanu." Azakhali ankawaponyera chopukutira mbale. Malemu ankangoseka n'kunena kuti, "Musiyeni huésped wanga," ndipo tonse tinkamva kuti akuti mlendo sanyozedwa pakhomo.

Ena anafunsapo chifukwa chake awiriwa sanapite kutchalitchi kukakonza zinthu. Malemu ankayankha kuti ukwati anauchita kale ndi a Wilberth, unayenda bwino, ndipo iwo sabwereza kafukufuku amene anatuluka bwino.

Pano pali cholakwika chimene wamasamu aliyense amachenjezedwa m'chaka choyamba. Ukamayeza chinthu tsiku limodzi lokha pa sabata, umadziwa za tsikulo basi. Ife tinkabwera Lamlungu. Ndipo Lamlungu, abale anga, linali tsiku limene a Don Fausto ankapuma. Za masiku enawo ndazifunsa kwa anansi, makamaka kwa a Doña Chabela a kuseri kwa mpanda, amene sanaphonyepo kanthu kuyambira pamene anasamukira mumsewu uja. Iwo akuti amene anatsegula mawindo mu 1995 ndi a Don Fausto. Akuti sabata yoyamba ankaphika nsomba, kuika mbale patsogolo pa malemu, n'kukhala moyang'anizana nawo akufotokoza nkhani zabodza za pa maukwati mpaka mbaleyo itatha. Akuti tsiku limene malemu anabwerera ku ntchito anapita atakwezedwa pa njinga ya matayala atatu, akutukwana njira yonse, a Don Fausto akupalasa. Magetsi akazima, amene ankathamanga ndi madzi oundana kuti mabotolo a nkhono asatenthe anali iwo. Ndipo miyezi ya kasitima kaja isanafike, a Doña Chabela ankaona zodabwitsa padenga la anansi awo: Doctora wathunthu akulowa m'thanki ya madzi yopanda kanthu kuti azolowere malo opanikiza, a Don Fausto akutseka chivundikiro, n'kukhala pambali pake akugogoda nyimbo pa thankiyo ndi timitengo ta marimba. Tsiku loyamba malemu anatuluka nyimbo isanafike pakati. Pomaliza ankagona tulo momwemo. A Doña Chabela akuti anafuna kuitana apolisi, koma nyimbozo zinali zabwino.

Umenewu ndi umboni wabwino, koma azakhali a Socorro angathe kunena kuti mlendo waulemu amathandiza pakhomo, ndipo sangalakwe. Tipitirire.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2019, atasiya ophunzira amene akupitiriza kafukufukuyu. Mu 2022 anayamba kubanika akakwera masitepe, ndipo madokotala anapeza kuti mapapo awo akuuma. Iwo anati n'zoyenera ndithu kuti munthu amene wakhala moyo wonse akusuzumira mopumira mwa anzake avutike ndi mwake. Mu Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala.

Tsiku lina masana ndinali nawo pamodzi ndi a Don Fausto. Nthawi yoona odwala itatha, namwino anabwera n'kunena kuti otsala akhale achibale okha. Anafunsa malemu kuti, "Mayi, bambowa ndi ndani wanu?" Malemu anasuntha chopumira chimene anawaika pakamwa n'kuyankha monga mwa nthawi zonse: "Huésped wanga." Namwinoyo anati, "Ndiye atuluke kaye, abwere mawa." A Don Fausto anatola chipewa chawo. "Zoona, mwana wanga, lamulo ndi lamulo," anatero, n'kutuluka mwakachetechete.

Malemu anayang'ana chitseko nthawi yaitali. Kenako anandifunsa kuti, "Watulukadi?"

Ndinati, "Nanga si mwanena nokha kuti ndi mlendo, azakhali?"

Anandiyang'ana monga ankayang'anira wophunzira amene waiwala kusamba m'manja. "Iwe Nicté, wakhala ukundithandiza pa nkhono zanga zija. Tandiuza. Pa nkhono ndi chuku, huésped ndi uti?"

Ndinayankha osaganiza n'komwe, chifukwa mu labu aliyense amadziwa. "Nkhono."

"Ndiye?"

Abale ndi anansi, apa ndi pamene ndinazindikira. Tonse muno tikamati huésped timanena mlendo, munthu amene wabwera kudzagona m'nyumba ya eni. Koma pa ntchito ya malemu liwu lomweli limanena winayo. Huésped ndi nyama imene yanyamula inzake, imene ikuidyetsa, imene inzakeyo ikupumira m'thupi mwake. Liwu limodzi, ndipo limaloza uku ndi uku! Ife Lamlungu lililonse tinkatsutsana kuti a Don Fausto ndi chuku cha mtundu wanji, wakuba, wongokhala kapena wothandiza, ndipo palibe ngakhale mmodzi, ine wa digiri ndili momwemo, amene anafunsa ngati tawaika mbali yoyenera. Iwo sanali chuku. Anali nkhono.

Ndinawafunsa kuti anayamba liti kutanthauza zimenezo. Anati, "Chaka choyamba ndinkanena monga inu. Kenako liwu linakhala lomwelo, tanthauzo ndi limene linatembenuka. Ndimayesa aliyense waona. Nyumba ndi yanga, inde, koma amene ankakhala mwa mnzake ndani? Ukanandichotsa pa iye, ukanandipatsa shuga, mchere, chilichonse, sindikanamera." Anapuma pang'ono, kenako maso anatuluka. "Dikira. Ndiye kuti chitsiru cha domino chija, zaka zonsezi, chimaganiza kuti ndikuchitcha mlendo?" Anayamba kuseka. Anaseka mpaka makina a pambali pa bedi analira, namwino uja n'kubwera akuthamanga.

Atapezako mpweya ndinati, "Ndikawaitane ndiwauze?"

"Usayerekeze," anatero. "Ayamba kunyada, ndipo ine ndilibe mpweya wokangana naye. Udzamuuze ndikapita. Pagulu, kuti asathe kutsutsa."

Mawa lake anapempha anamwino kuti bambowo asatulutsidwenso, ndipo anawalola. A Don Fausto sanachoke pambali pawo mpaka Lachinayi lapitali, pa 7 Malichi 2024, pamene malemu anatisiya ali ndi zaka 65, atalandira masakramenti, dzanja lawo lili m'dzanja la a Don Fausto.

Umboni umenewu ndinaupereka kwa azakhali a Socorro m'mawa uno, popeza iwo ndi amene anapereka funso. Anamvetsera akutakasa khofi, ndipo anatakasa nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira. Kenako anati, "Ndiye ukundiuza kuti nkhupakupa anali mng'ono wangayo?" Ndinati sindikutero, chifukwa funso lakuti chuku chimaba kapena chimathandiza malemu sanaliyankhe ngakhale pa nkhono, ndipo pa anthu angaliyankhe ndi nkhono yokhayo. Azakhali anati, "Hm. Herlinda kuyambira ali mwana ankadya za m'mbale ya anzake." Anapukuta m'maso ndi kona ya epuloni. "Umutchule. Umutchule poyamba, usanatchule Gaspar, Gaspar wavomera. Ndipo umuuze bambo ameneyo aiwale za basi. Tili ndi masiku asanu ndi anayi opemphera korona m'nyumba muja, anthu adzafuna kudya, ndipo ine sindidziwa ngakhale pamene pamakhala mchere. Koma asayembekezere kuti ndimupepesa. Ananditcha ng'ombe."

Choncho, mwa chilolezo cha banja lonse, ndikuwerenga. Malemu a Doctora Herlinda Cahuich Rejón asiya huésped wawo, a Don Fausto Ehuán, m'tanthauzo la pa ntchito yawo. Asiya mwana wawo Gaspar ndi mkazi wake Lizbeth, ndi adzukulu awiri, Ximena ndi Wilberth wamng'ono. Asiya mkulu wawo, a Socorro, ndi mlongo wawo, a Efraín, pamodzi ndi ife ana awo. Kwa ophunzira awo asiya firiji yodzaza mabotolo ndi funso limene likadali lotseguka, ndipo anandiuza kuti amene adzaliyankhe asadzachite manyazi kukuwa.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala, makamaka namwino amene anafunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera. Likuthokoza Bambo Mfumu ndi amayi a korona a parishi ino, anzawo a kuntchito amene abwera kuchokera kutali, asodzi a ku Sabancuy amene atumiza nsomba, a Doña Chabela chifukwa cha maso awo, ndi anansi onse amene agwira ntchito m'nyumba ya maliro kuyambira Lachinayi. Mulungu akubwezereni.

A Don Fausto, pamzere wakutsogolowu pali mpando, pafupi ndi azakhali a Socorro. Achotsapo chikwama chawo. Bwerani, musafulumire, bokosi silinyamuka musanafike.

Azakhali a Herlinda, uthenga wanu ndaupereka, pagulu monga munanenera, ndipo pano sangatsutse. Pumani tsopano popanda kubanika. Ambuye akulandireni kwawo, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.